Malangizo: Dzino Limene Makolo Ambiri Salizindikira

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, theka kumtunda ndi theka kunsi: akutsogolo 8 olumira chakudya, osongoka 4 ong'ambira nyama kapena mzimbe, ndiponso akumbuyo 20 otafunira, amene 8 mwa iwo ndi ocheperako pomwe 12 ndi aakulu, okhala ndi timaenje pamwamba. Mwana amakhala ndi mano 20 okha, omwe amayamba kumera ali ndi miyezi pafupifupi 6.

Makolo ayenera kudziwa kuti mwana akafika zaka pafupifupi 6, dzino lalikulu lotafunira limamera kuseri kwa mano aubwana popanda lina kuguluka, choncho ambiri amaliyesa laubwana, pamene ndi lokhalitsa ndipo likazulidwa silimeranso. N'zomvetsa chisoni kuti dzino limeneli ndilo limabooka kawirikawiri, chifukwa zotsekemera zimakanirira m'timaenje take, tizilombo n'kuzisandutsa asidi amene amalidya pang'onopang'ono.

Kholo limuyasamitse mwanayo powala, liyang'ane kumapeto kwa nsagwada, lifikitse mswachi ndi mankhwala a fluoride kumeneko m'mawa ndi usiku, ndipo likaona kadontho kakuda lipite naye kuchipatala dzinolo lisanayambe kupweteka.