Kasamalidwe ka Galu M'nyengo ya Mwera ku Chinguluwe

Galu wachikuda, amene mabanja ambiri a ku Chinguluwe m'boma la Salima amaweta kuti azilondera pakhomo ndi makola, ali ndi ubweya waufupi, ndipo kutentha kwa thupi lake kumakhala madigiri 38 mpaka 39. Popeza kunyanja sikuzizira ngati ku Dedza, galu wamkulu, wathanzi ndi wokhuta amapirira usiku wa mu Juni ndi Julaye, bola akhale womasuka kudzisankhira pogona.

Kumangirira galu pamtetete

Chovuta chimene chikuoneka m'midzi yambiri n'kumangirira galu kumtengo ndi chingwe chachifupi, mwinanso waya, usiku wonse. Mwera, womwe ndi mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, ukamaomba, galu womasuka amakabisala kuseri kwa nkhokwe, pamene womangidwa amangodzipinda pa dothi lozizira, mphuno atabisa kumchira, uku akunjenjemera mpaka mbandakucha. Galu wotere amaonda, sachedwa kudwala chifuwa, waya amamucheka khosi n'kusiya bala lodzadza ntchentche, ndipo kulira kwake kwa usiku uliwonse kumachititsa eni nyumba kusadzuka ngakhale tsiku limene kwabweradi wakuba. Choopsa kwambiri chimagwera agalu okalamba, amphere amene ubweya unathothoka, ndi tiana, popeza m'masabata atatu oyamba kamwana ka galu sikatha kusunga kutentha kwa thupi lake ndipo kakhoza kufa usiku umodzi. Mawu akuti "galu ndi galu" saphimba nkhanza zoterezi.

Kanyumba ka galu

Njira yabwino koposa yotetezera galu ku mwera, yosavutanso, ndi kanyumba ka zidina kofolera udzu, kamene khomo lake lafulatira mwera, ndipo pansi pake pakwezedwa n'kuyalapo chiguduli chouma chimene chiziyanikidwa padzuwa kawirikawiri pofuna kuchepetsa utitiri. Mtengo wake umadalira zipangizo zimene banja lili nazo kale, koma nthawi zambiri sungafike patali. Phindu lake ndi lalikulu zedi, chifukwa kanyumba komweko kamapereka mthunzi mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumazunza agalu kuposa kuzizira.

Chakudya ndi katemera

M'nyengo yozizira galu amafuna chakudya chochulukirapo, motero mkute wokha sukwanira. Phala la gaga losakaniza ndi usipa wophika liperekedwe madzulo, pamodzi ndi madzi oyera. Galu aliyense wa miyezi itatu kupita m'tsogolo abayidwe katemera wa chiwewe chaka ndi chaka, ndipo eni agalu afunse mlangizi wa ziweto ku ofesi ya zaulimi ya Chinguluwe za tsiku la katemerayu.