Kuteteza kagalu ku ngozi za pakhomo

Alimi anzanga, sabata ino tasiya kaye za kumunda kuti tikambirane za chiweto chimene ambiri timachiiwala tikamawerenga ziweto zathu. Makomo ambiri kuno kwa Kaphuka ali ndi galu. Iye ndiye amatilondera nkhokwe ndi khola la mbuzi, ndiponso ndiye amatidzutsa fisi akafika usiku. Koma galu wolondayo amayamba ali kagalu kosadziwa kanthu, ndipo tiagalu tambiri timafa tisanakule chifukwa cha zinthu zimene eni ake tazisiya poyera.

M'mwezi wa June ndinapita kukaona mbatata ya kachewere kudimba la mlimi wina. Titabwerera kunyumba tinapeza ana akulira kuseri kwa khitchini. Kagalu kawo ka miyezi itatu kanali katangofa kumene. Dzulo lake bamboyo anagula mankhwala a makoswe a m'kapepala pamsika, nawasakaniza ndi mitu ya usipa, n'kuika m'chigoba kuseri kwa matumba a chimanga. Kagaluko kanatsata fungo la usipa. Bamboyo anangoti, "Ndi galu chabe, tikapempha wina." Koma mayi a pakhomopo sanayankhe. Anangoyang'ana mwana wawo wokwawa, amene tsiku lonse ankasewera ndi kagaluko pakhomo la chipinda chomwecho.

Phunziro lathu lagona pamenepa. Paliponse pamene pafika mlomo wa kagalu, dzanja la mwana wokwawa limafikanso. Mukakonza pakhomo kuti kagalu kasaone ngozi, mwatetezanso mwana wanu.

Chifukwa chake kagalu kamatafuna chilichonse

Kagalu kamakhala ndi mano a ubwana 28. Kuyambira pa miyezi itatu kapena inayi manowa amayamba kuguluka, ndipo pofika miyezi 7 kamakhala katamera mano a ukulu 42. Pa nthawi yonseyi nkhama zimakayabwa, choncho kamatafuna nsapato, masaka, zingwe, mabotolo ndi china chilichonse chimene kachipeza pansi. Si mwano ayi, ndipo kukamenya sikuthetsa vutoli. Kapatseni chake chotafuna, monga chingwe chokhuthala cha khonje chomanga mfundo, ndipo zoopsa zonse muzichotse pansi.

Musatenge kagalu kwa make kasanakwanitse masabata 8. Kotengedwa msanga kamakhala kofooka, kamalira usiku wonse, ndipo sikachedwa kugwidwa ndi matenda.

Mankhwala a ulimi

Ntchito yanga ndi ya mbewu, tsono mankhwala amene ndimalangiza alimi kugwiritsa ntchito ndimawadziwa kuopsa kwake. Oopsa kuposa onse pakhomo ndi timibulu takuda tija timati tameki. Dzina lake lenileni ndi Temik, ndipo poizoni amene ali m'menemo amatchedwa aldicarb. Mankhwalawa sanapangidwire makoswe. Anapangidwa kuti azithiridwa m'nthaka popha tizilombo towononga mbewu. Timibulu tochepa chabe tikhoza kupha kagalu ola limodzi lisanathe. Galu amene wadya tameki amatuluka dovu, amasanza, amatsekula m'mimba, amanjenjemera thupi lonse, ndipo amapuma movutikira.

Njira yabwino yolimbana ndi makoswe pakhomo pamene pali ana ndi tiagalu ndi misampha, mphaka, kusesa ndi kuika matumba pa thandala lotalikirana ndi khoma. Ngati mwagwiritsa ntchito mankhwala, gulani okhala ndi chizindikiro ndi malangizo m'sitolo yovomerezeka, ndipo muwaike m'chipinda chokhoma. Khoswe wofa ndi mankhwala mum'ponye m'chimbudzi kapena mum'kwirire mozama, chifukwa kagalu kakam'dya nako kakhoza kudwala.

Tsiku lothira Actellic m'chimanga, kagalu katsekeredwe kutali mpaka mutamaliza kusoka matumba ndi kusesa pabwalo. Mukachokera kopopera mbatata, tomato kapena kabichi, musatsukire mpope wanu pabwalo. Madzi otsukirawo amadikha m'kadzenje, ndipo kagalu ka ludzu kamamwa. Tsukirani kumunda komweko, kutali ndi chitsime. Mabotolo otha mankhwala musawasandutse mbale ya galu kapena choseweretsa ana. Thumba la feteleza lotsegula ndi masamba a fodya m'chigafa nazonso si zoseweretsa kagalu.

Kagalu kakadya poizoni, musataye nthawi ndi kukamwetsa mkaka kapena mafuta ophikira monga ambiri amachitira. Zimenezi sizichotsa poizoni, ndipo kagalu kamene kakunjenjemera kakhoza kutsamwa nazo. Thamangirani kwa mlangizi wa ziweto mutatenga kapepala kapena botolo la mankhwalawo. Pali jekeseni wotchedwa atropine amene amathandiza pa poizoni wa mtundu umenewu, koma wobaya ayenera kukhala wodziwa za ziweto. Masanzi a kagaluko muwakwirire nkhuku zisanatole. Musakamwetsenso mankhwala a anthu monga Panado, chifukwa amawononga chiwindi cha galu.

Chakudya

Kagalu kosakwana miyezi itatu kadye kanayi pa tsiku, kenaka katatu mpaka miyezi 6, ndipo pambuyo pake kawiri. Nsima yokha siikwanira. Kaphikireni phala la mgaiwa losakaniza ndi ufa wa soya wokazinga, usipa wosinja kapena dzira lophika. Madzi oyera akhalepo nthawi zonse m'mbale yosazama. Kagalu kokhuta sikayendayenda kudzala kapena kwa anansi kumene kangakadye nyambo ya makoswe.

Mafupa ophika a nkhuku ndi minga ya nsomba zimabaya pakhosi ndi m'matumbo. Chitsononkho chikamezedwa chimatseka matumbo. Anyezi amawononga magazi a galu, choncho ndiwo zotsala zokhala ndi anyezi wambiri musakapatse.

Chenjerani kwambiri ndi madeya kapena chimanga chochita nkhungu. Tili ndi chizolowezi chonena kuti chimanga chowola ndi cha agalu ndi nkhumba. Nkhunguyo imatulutsa poizoni wa chuku, amene akatswiri amati aflatoxin, ndipo kuphika sikumupha. M'chaka cha 2024 agalu mazana angapo anafa ku Zambia ndi kuno ku Malawi atadya chakudya chochokera ku chimanga chokhala ndi chuku. Galu wodya chuku amasiya kudya, amasanza, ndipo maso ndi nkhama zimasanduka zachikasu. Chimene simungadye inu chifukwa cha nkhungu, musapatse galu.

Moto, maenje ndi chingwe

Tonse tikudziwa mmene kumazizirira kuno ku Dedza mu June ndi July. Kagalu kakamva chisanu kamakagona paphulusa pakati pa mafuwa kapena pafupi ndi mbaula. Kumeneko kamapsa ndi makala obisika, kapena kamapinga miyendo ya mayi amene wanyamula mphika wa phala lotentha. Mankhwala ake ndi kukamangira kakhola kake. Kakhale ka mita imodzi mbali zonse, kofolera bwino, kokwera pang'ono kuti madzi asalowe, ndipo khomo lake lisayang'ane kochokera mphepo. Yalanimo udzu wouma kapena chisaka, n'kumasintha kawirikawiri. Usiku muzikatsekera, popeza fisi sasiya kagalu kogona pabwalo.

Yendani pakhomo panu ndi kuona maenje onse: chimbudzi chopanda chovindikira, dzenje la chimbudzi chatsopano, nkhuti yodzaza madzi a mvula, dzenje la manyowa, ndi zitsime za kudimba. Kagalu kakagweramo sikangathe kukwera. Vindikirani kapena tchingani ndi mitengo. Musanakoke ngolo kapena kuliza njinga yamoto, suzumirani pansi pake, chifukwa tiagalu timakonda mthunzi wa pamenepo.

Musamange kagalu ndi waya kapena kachingwe kowonda. Kamakula msanga, ndipo chingwe chimalowa m'khosi n'kuchita chilonda. Lamba wa m'khosi azilola zala ziwiri kulowa, ndipo muzimuona sabata iliyonse. Musakamangenso pakhonde lalitali kapena pafupi ndi mpanda pamene kangadumphe n'kudzipachika.

Njoka, nthata ndi mphutsi

Tiagalu tambiri timatenga njoka za m'mimba kwa make, tina tisanabadwe n'komwe. Kagalu ka njoka kamatupa mimba, ubweya umanyankhalala, ndipo sikakula. Mazira a njokazi amatuluka ndi ndowe n'kukhala m'dothi limene ana athu amaseweramo. Mankhwala a njoka ayambe kagalu kali ndi masabata awiri, abwerezedwe masabata awiri aliwonse mpaka masabata 12, kenaka mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6. Mlingo wake umatengera kulemera kwa kagaluko, choncho funsani mlangizi. Ndowe za galu muzizikwirira kapena kuponya m'chimbudzi, ndipo ana azisamba m'manja ndi sopo asanadye.

Pofuna kupha nthata ndi nkhupakupa, ena amawaza kagalu Actellic, ena amakasambitsa ndi dipi wa ng'ombe, ena amakapaka oyilo wotha ntchito. Zonsezi zimalowa pakhungu, ndipo kagalu kamadzinyambita. Gwiritsani ntchito mankhwala okhawo amene alembedwa kuti ndi a tiagalu.

Timatuza tokhala ndi kabowo pakati, makamaka pamimba ndi m'miyendo, ndi mphutsi za ntchentche imene imaikira mazira padothi lonyowa ndi mkodzo. Pakani Vaseline pakabowopo kuti mphutsi isowe mpweya, kenaka finyani pang'onopang'ono mpaka ituluke yathunthu, n'kutsuka ndi madzi a mchere. Pogona pouma ndiye chitetezo chake.

Palinso matenda otchedwa parvo, amene kagalu kamasanza ndi kutsekula m'mimba mwa magazi onunkha. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, choncho pakhomo pamene pafa kagalu ndi matendawa musathamangire kubweretsa kena kosabayitsa. Katemera wake amayamba pa masabata 6 mpaka 8 ndipo amabwerezedwa. Amapezeka kwa madokotala a ziweto.

Chiwewe

Apa ndiye pamene moyo wa kagalu ndi wa mwana zimakumana kwenikweni. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ndipo anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa galu. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro, matendawa sachizika. Koma katemera alipo kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur wa ku France anam'gwiritsa ntchito koyamba pa mnyamata wolumidwa ndi galu.

Ambiri amaganiza kuti kagalu kakang'ono sikangakhale ndi chiwewe. Kumeneko ndi kudzinamiza. Kagalu kosazindikira kamathamangira galu wachilendo aliyense wodutsa pakhomo, ndipo kakalumidwa kamatenga matendawa. Pambuyo pake kamaluma ana posewera, ndipo ana sanena chifukwa kabala kake n'kakang'ono, kapena akuopa kukalipiridwa. Uzani ana anu kuti kulumidwa kapena kukandidwa kulikonse azinena.

Kagalu kabayitsidwe katemera wa chiwewe pa miyezi itatu, kenaka chaka ndi chaka. Koma alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera m'dera lanu, tengani tiagalu tonse ngakhale tocheperapo, popeza akatswiri amalangiza kuti pa kampeni yotere pasatsale galu. Sungani bwino kapepala ka katemera. Agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa, chiwewe chimalephera kufalikira. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Zoterezi zimatheka eni agalu akatulutsa agalu awo. Chaka chilichonse pa 28 September dziko lonse limakumbukira za matendawa.

Kagalu kakasintha khalidwe mwadzidzidzi, n'kumaluma chilichonse, kutuluka dovu, kapena kuyasamula chibwano osatseka, musalowetse dzanja m'kamwa poganiza kuti katsamwa fupa. Katsekereni pokha ndi kuitana mlangizi wa ziweto. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musamangepo nsanza kapena kupakapo ubweya wa galu wootcha. Dziwitsaninso a ziweto kuti galu wolumayo amangidwe ndi kuonedwa kwa masiku 10.

Chochita sabata ino

Akulu anati m'mera mpoyamba. Galu amene mudzam'dalire zaka zambiri akupangika m'miyezi yoyambirira imeneyi. Lero lomwe, njutani pakati pa bwalo lanu ndi kuyang'ana pakhomo ponse pa msinkhu wa kagalu. Onani pansi pa nkhokwe, kuseri kwa matumba, m'khitchini ndi kudzala. Botolo la mankhwala likwere pamwamba m'chipinda chokhoma, dzenje livindikiridwe, madeya a nkhungu akwiriridwe. Mukatha zimenezi, pitani ku ofesi ya zaulimi ya Kaphuka mukafunse mlangizi wa ziweto za mankhwala a njoka ndi tsiku la katemera wa chiwewe.

Mlimi ndinanena poyamba uja anapezadi kagalu kena. Koma mayi a pakhomopo anakana kuti kalowe pabwalo bambo asanakhome chitseko cha chipinda cha chimanga ndi kugula misampha.