Phunziro la Zaumoyo: Kodi Fungo M'nyumba Likuchokera Kuti?

Amayi anzathu, kuno ku Lizulu miyezi ya June ndi July imazizira kwambiri. Timatseka mazenera, ndipo ena timatseka ndi nsanza tizibowo ta mpweya ta pamwamba pa khoma. Mpweya ukasiya kuyenda, fungo limakhazikika. Kupopera mankhwala onunkhira kumangobisa vuto. Tiyeni tiphunzire kufufuza gwero lake.

1. Tiyambe ndi njira za mpweya

Nyumba imafuna polowera mpweya ndi potulukira. Tichotse nsanza, ukonde wa kangaude ndi zisa za mavu m'tizibowo tija. Titsekule zitseko ndi mazenera kwa ola limodzi, kenako titseke ndi kuyenda chipinda ndi chipinda. Pomwe fungo layamba kubwerera, gwero lili pafupi.

2. Tizindikire mtundu wa fungo

Fungo la chowola: tione matumba a mbatatesi, kabichi ndi tomato amene tasungira msika. Mbatatesi imodzi yowola imawoletsa zinzake, choncho tizisankha kawirikawiri. Tionenso kusiling'i ngati kwafera khoswe.

Fungo la chuku: denga likudontha, kapena khoma lili ndi chinyezi kuseri kwa kabati. Chuku chimavutitsa odwala mphumu.

Fungo loswa mphuno ngati mkodzo: mileme kudenga, kapena nkhuku zogona m'nyumba.

3. Chimbudzi cha paipi

Chimbudzi chotere chinakonzedwa ndi Peter Morgan ku Blair Research Laboratory, mumzinda umene lero ndi Harare, m'zaka za m'ma 1970. Mphepo ikamawomba pamwamba pa paipi imakoka mpweya wa m'dzenje n'kuutulutsa. Paipi ipitirire denga ndi theka la mita, ndipo kukamwa kwake kukhale sefa yotchinga ntchentche. Dzenje lake sitivundikira, chifukwa mpweya umalowera pomwepo. Chimbudzi chopanda paipi ndicho chimafuna chivundikiro, ndi phulusa tikatha kudzithandiza.

Poyesa paipi, tifukize utsi wa kansanza pafupi ndi bowo, osaponyamo moto. Utsi ukalowa pansi n'kutulukira pamwamba, zili bwino. Ukabwerera, paipi yatsekeka: tithiremo chidebe cha madzi kuchokera pamwamba ndi kutsuka sefa.

4. Choopsa chimene sichinunkha

Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, suoneka, koma umapha anthu ali mtulo. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, makamaka zikagwira banja lonse nthawi imodzi. Titulutse onse panja msanga ndi kupita nawo kuchipatala. Tisagone ndi mbaula m'nyumba, ngakhale makala aoneke ngati azima.

Utsi wa nkhuni nawonso umayambitsa chibayo mwa ana. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira chifukwa cha mpweya woipa wa m'nyumba. Tiphikire nkhuni zouma pamalo opita mphepo. Chitetezo mbaula imachepetsa nkhuni ndi utsi, koma khitchini imafunabe zenera.

Mafunso okambirana

(a) Kodi mpweya umalowera pati ndi kutulukira pati m'nyumba zathu?
(b) Tingawothe bwanji ana usiku popanda mbaula?
(c) Ndi agogo ati kapena odwala ati amene tingawayendere sabata ino kukaona mazenera ndi zimbudzi zawo?