Zovala za Paulendo wa Panyanja M'nyengo ya Mwera: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku kano n'ka amene akukonzekera kukwera sitima ya Ilala pa doko la Monkey Bay, komanso amene akufuna kukayenda pa boti kuzilumba za ku Cape Maclear m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Ena mwa mafunsowa anthu amafunsa akamalongedza katundu. Ena amawakumbukira sitima itachoka kale pa doko.

Ku Mangochi n'kotentha. Juzi ndi yachiyaninso?

Kutentha kumene Mangochi imatchuka nako n'kwa Okutobala ndi Novembala, anthu akamagona panja pa mkeka. M'mwezi wa Juni ndi Julayi masana kumafunda bwino, madigiri cha m'ma 26 kapena 27, koma usiku amatsika kufika cha m'ma 14 kapena 15. Kumtunda zimenezi sizidetsa nkhawa chifukwa khoma la nyumba limakutchingirani mphepo. Panyanja khoma palibe. Mphepo imauluza kampweya kofunda kamene kamakhala pakhungu, ndipo malaya akangonyowa ndi madzi owazika ndi mafunde, thupi limazizira mwamsanga kwambiri.

Ambiri amalongedza poyang'ana dzuwa la pa doko. Sitima ikunyamuka kunja kuli ngwee, munthu ali m'kabudula ndi patapata, juzi waisiya pachingwe kunyumba. Dzuwa likalowa kuseri kwa mapiri zinthu zimasintha, ndipo pofika mbandakucha mano ali gwedegwede. Taonani asodzi a usipa a pa Msaka kapena pa Malembo akamalowa m'madzi madzulo ndi nyali zawo. Anabadwira kunyanja konko, komabe amanyamula majekete ndi zisoti.

Mwera umenewu umachokera kuti, ndipo umakhudza bwanji ulendo wanga?

Mwera ndi mphepo yozizira yochokera kumwera chakum'mawa, kunyanja ya mchere ya Indian Ocean. Mpweya womwewu ndi umene umabweretsa chiperoni ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre. Nyanja yathu ya Malawi inagona m'chigwa chachitali, makilomita oposa 560 kuchokera kumwera kukafika kumpoto, ndiye mphepo ikalowa m'chigwamo imathamanga popanda choitchinga. Pafupi ndi Monkey Bay mapiri a ku Nankumba amateteza pang'ono, koma mukamalowera kumpoto mafunde amanka nakula chifukwa mphepo yayenda mtunda wautali pamwamba pa madzi. Mwera umatha kuwomba masiku angapo motsatizana, kenako nyanja n'kukhala bata.

Pali chinthu chimodzi chimene okwera koyamba sachiganizira. Popita kumpoto, mwera umakhala kumbuyo kwa sitima, ndiye simuumva kwenikweni. Pobwerera sitima imalimbana nawo maso ndi maso, liwiro la sitima n'kuphatikizana ndi la mphepo, madzi n'kumawazikira m'kati. Ulendo wobwerera ndi umene umazizira kwambiri, pomwe nthawi imeneyo zovala zanu zambiri zada kale kapena zanyowa. Polongedza muziganizira masiku omalizawo.

Mphepo ya panyanja si yoichepetsa. Pa 30 Julayi 1946, sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja nyengo itaipa, ndipo anthu 145 anafa. Chikumbutso chawo chili m'tauni ya Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi imene ili kufupi ndi mlatho wa pa Shire. Masiku ano nthambi ya boma yoona za nyengo imachenjeza pa wailesi mwera ukamayembekezeka kuwomba mwamphamvu. Mverani machenjezo amenewa musanachoke pakhomo, makamaka ngati mukwera boti laling'ono.

Nditenge chijasi chimodzi chokhuthala basi?

Ayi. Chijasi chimodzi chimakupatsani njira ziwiri zokha: kuvala n'kumatuluka thukuta masana, kapena kuvula n'kumanjenjemera. Panyanja nyengo imasintha kangapo pa tsiku limodzi, ngakhalenso mukangochoka mbali ya sitima imene kuli dzuwa n'kupita kumthunzi. Chofunika ndi zovala zopepuka zosanjikiza, zoti muziwonjezera ndi kuchotsa chimodzichimodzi.

M'kati muvale tisheti kapena malaya opyapyala. Pamwamba pake juzi. Kunja kwenikweni jekete yosalowa mphepo, ndipo ikakhala yosalowanso madzi ndiye mwapata. Jekete imeneyi siifunika kukhala yolemera, ntchito yake n'kutchinga mphepo kuti isaloze m'timabowo ta juzi. Juzi yoluka payokha pa mwera siithandiza kwambiri, mphepo imangodutsamo. Onjezani chisoti chophimba makutu, sokosi mapeya awiri kapena atatu, ndi buluku lalitali. Chisoti n'chaching'ono moti chimalowa m'thumba la jekete, koma usiku wa pamwamba pa sitima mudzachithokoza kuposa china chilichonse.

Nsalu yake ili ndi kanthu?

Kwambiri. Thonje ndi labwino padzuwa, koma likanyowa limasunga madzi ndipo limachedwa kuuma. Jinzi ndiye woipitsitsa: akanyowa potsika sitima m'mawa, madzulo amakhala adakali wachinyezi, wolemera, wozizira m'miyendo. Juzi ya ubweya kapena ya fleece imafundabe ngakhale itanyowa pang'ono, ndipo mabuluku opepuka a nayiloni, onga amene amavala ochita masewera, amauma msanga mukawayanika pamphepo.

Ndine mayi, ndazolowera chitenje. Chindikwanira?

Chitenje musachisiye, ndipo mutenge zitatu ngati malo alipo. Chimodzi n'chovala, china n'chofunda pamapewa kapena kuyala pogona, chachitatu chikhale chosungira. Nyanja ikavuta ana amasanza, akuluakulu omwe amachita nseru, ndipo chitenje chimene chaipitsidwa usiku simungachichape n'kuchivala nthawi yomweyo. Chitenje chimatchinganso dzuwa, chimakhala katani posintha zovala pakati pa anthu, chimapukuta mwana akanyowa. Abambo nawonso asachite manyazi kubwereka chimodzi kunyumba.

Koma chitenje chokha sichifunda miyendo pamphepo, ndipo pa makwerero chimavuta. M'kati muvale buluku lopepuka kapena taiti, chitenje pamwamba. Mukatero mumafundidwa, ulemu uli pomwepo, ndipo mutha kutambasula mwendo potsikira m'boti popanda kugwira nsalu ndi dzanja limodzi. Duku mumange molimba, mwera umalanda.

Akuti madoko ena munthu amatsikira m'madzi. N'zoona?

N'zoona, ndipo apa m'pamene zovala zambiri zimanyowera. Si malo onse amene Ilala imaima ali ndi jeti. Kumalo ngati Usisya ndi Ruarwe sitima imaponya nangula patali ndi gombe, anthu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono amene imanyamula. Mumatsika pa makwerero, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde, anthu akupatsirana matumba a ufa, malata, nkhuku ndi ana. Boti likafika kugombe nthawi zina silifika pouma, ndiye mumaponda m'madzi ofika m'mawondo kapena kuposerapo. Izi zimatha kuchitika usiku.

Chifukwa chake nsapato zikhale za mitundu iwiri. Zotsikira zikhale za pulasitiki kapena masandasi omanga kuchidendene. Patapata amavuka, amatsalira m'matope, ndipo amaterera pachitsulo chonyowa. Nsapato zotseka ndi sokosi muzisunge m'chikwama kuti muvale mukafika pouma kapena usiku. Manja onse awiri akhale opanda kanthu potsika makwerero. Akakupatsani jekete yoyandamitsa, ivaleni pamwamba pa zovala zonse ndi kumanga zingwe zake, ndipo chijasi cholemera chikhale m'chikwama nthawi imeneyo.

Langizo limene ndimaliona lalikulu pa onse ndi ili: sankhani zovala zathunthu za kamodzi, kuyambira zam'kati, sokosi, buluku, malaya mpaka juzi, muzimange m'pulasitiki osazikhudza. Zimenezi si zovala zosinthira mukada. N'zovala pokhapokha zonse zanyowa. Munthu wonyowa amene ali ndi zouma zoti avale amakhala bwino pakangopita mphindi zochepa, pomwe amene alibe amazunzika usiku wonse ngakhale atafunda bulangete.

Ndinyamulire m'chiyani?

Sutikesi ya matayala ndi ya m'misewu ya m'tauni. Pamchenga siyenda, ndipo m'boti amaiponya pamodzi ndi katundu wina. Chikwama chobereka kumsana n'chabwino chifukwa chimasiya manja. Chikwama cha Shangani chimalowa zambiri, koma zipi yake siichedwa kuthyoka ndipo madzi amalowera momwemo, ndiye chimangeni ndi chingwe.

Chikwama chilichonse chiyambe chayalidwa pulasitiki yokhuthala m'kati. Majumbo opyapyala, osafika ma micron 60, boma linawaletsa mu 2015, ndiponso amang'ambika msanga n'kukathera m'nyanja momwemo. Pulasitiki yokhuthala imatetezanso ku fungo, pakuti pansi pa sitima pamakhala matumba a usipa ndi utaka wouma, ndipo juzi ikagona pafupi nawo imatenga fungolo. Tikiti, chiphaso cha unzika, buku la kuchipatala, foni ndi ndalama zikhale m'kathumba kosalowa madzi, pathupi panu.

Kalasi imene ndakwera imasintha zofunika kutenga?

Imasintha. Ilala inapangidwa ku Glasgow m'dziko la Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera pa Beira, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Zipinda zogona ili nazo zochepa. Okwera pamwamba amagona pabwalo, pamene pali denga mbali ina koma m'mbali muli pululu. Malowa ndi okongola masana, koma ndi ozizira kuposa ena onse usiku, ndipo m'mawa mumapeza zofunda zanyowa ndi mame. Kumeneko bulangete n'lofunika, osadalira kuti mukalipeza m'sitima. Pansi, ku ekonome, anthu amakhala othinana ndipo injini ili pafupi, ndiye kumatha kutentha. Mukatuluka kukapuma mpweya muli thukuta, mphepo imakulandirani pakhomo. Jekete ikhale pafupi.

Kwa zaka zambiri sitimayi yakhala ikunyamuka pa Monkey Bay Lachisanu, kukafika ku Chilumba, n'kubwerera Lachitatu. Kafunseni pa doko tsiku lenileni musanapite. Mwera umachedwetsa kukweza ndi kutsitsa katundu, choncho werengerani zovala za tsiku limodzi loonjezera.

Nanga ana ndi agogo?

Awa ndiwo amayamba kuzizidwa, ndipo kawirikawiri sanena. Mwana wamng'ono amataya kutentha msanga chifukwa thupi lake n'lochepa. Mutengereni zosinthira zochuluka kuposa zanu, chipewa, sokosi, ndi kabulangete kakekake. Wakhanda amafundidwa bwino ali pathupi pa mayi ake, chitenje chouma pamwamba. Mwana akanyowa msintheni pomwepo, musadikire kuti mufike. Agogo apezereni malo obisika kumphepo, ndipo muwagwire manja ndi mapazi nthawi ndi nthawi. Munthu akamanjenjemera osaleka, kapena akayamba kulankhula zosamveka ndi kuodzera atanyowa, mvuleni zonyowazo, mfunditseni, mpatseni tiyi wotentha ngati akutha kumwa, ndipo dziwitsani ogwira ntchito m'sitima.

Ife tingopita tsiku limodzi pa boti ku Cape Maclear. Zonsezi n'zathunso?

Zochepa chabe. Zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo zili m'dera la Lake Malawi National Park, limene linakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inalizindikira mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Ambiri amapita kukasambira kuti aone nsombazi. M'madzi simumva kuzizira kwenikweni, koma mukakwera m'boti muli chinyowere, injini n'kuliza, mphepo imakupwetekani. Tengani thaulo, malaya ouma ndi jekete. Dzuwa la Julayi limawotchabe ngakhale kukuzizira, chifukwa madzi amalibweza kumaso, choncho chipewa cha mlomo ndi malaya a manja aatali n'zothandiza. Anzathu achialubino asachoke opanda zimenezi ndi mafuta awo oteteza khungu.

Mukabwerera kumudzi kwa Chembe, kapena mukamadutsa m'misika ya Mangochi kumene kuli Asilamu ambiri, zosambira zitsale kugombe. Mangani chitenje kapena valani malaya. Opita ku Likoma amene akufuna kukapemphera m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903, asungeko chovala chimodzi chaulemu chosakwinyika msanga.

Ndilibe ndalama zogulira zonsezi m'sitolo. Nditani?

Pa kaunjika mupeza zonse. Majuzi ndi majekete amakwera mtengo kukayamba kuzizira, ndiye gulani msanga ngati mungathe. Yesani zipi kangapo musanalipire. Ikani nsalu ya jekete pakamwa n'kuuzira: mpweya ukamadutsa mosavuta, mwera udutsanso. Sankhani yokulirapo kuti juzi ikwane m'kati, ndipo muichape n'kuiyanika iume bwino musanailongedze.

Nanga ndikayenda m'dzinja?

Kuyambira Disembala mpaka Malichi vuto ndi mvula yobwera mwadzidzidzi ndi mphepo ya mpoto. Juzi imodzi yopepuka ikwanira, koma renikoti ndi pulasitiki ya m'chikwama zimafunika kwambiri. Ambulera pa sitima imangotembenuzika. Udzudzu umachuluka kumadoko, choncho madzulo valani zophimba manja ndi miyendo, ndipo tengani neti ngati mukagona kumtunda. Nthawi imeneyi mumaonanso ntchentche za m'nyanja zotchedwa nkhungu zikufuka pamadzi ngati utsi. Sizimaluma, koma zimathamangira nyali, ndiye zikafika pa sitima phimbani chakudya ndipo khalani patali ndi magetsi mpaka zidutse.