Kachipangizo Komvera Madandaulo a Injini

Kwa inu eni magalimoto, madalaivala a matakisi, ndi amisiri a m'magalaja.

Aliyense amene anaimapo pa mphambano m'mawa, phazi lili pa buleki, namva chiwongolero chikunjenjemera m'manja mwake, muvi wa liwiro la injini ukukwera ndi kutsika ngati mpweya wa munthu wodwala, kufikira injiniyo itazima pakati pa anzake akumuimbira mahutala kumbuyo, adziwa bwino nsautso imene tifuna kukambirana pano. Ambiri pofika pamenepa athamangira kukagula mapulagi, mawa lake pampu ya mafuta, mkuja koyilo, ndipo ndalama zitha matenda ali chikhalire. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndipo popeza galimoto ya masiku ano ikhoza kufunsidwa niyankha, kuli bwino tidziwe chida chofunsira.

Chida chimenechi n'chiyani

Amisiri achitcha sikana, ena angoti "kuika galimoto pa kompyuta," koma dzina la dongosolo lake ndilo OBD-II. Dongosololi linakhala lamulo pa magalimoto ogulitsidwa ku America kuyambira 1996, ndipo ku Ulaya linatsatira pa magalimoto a petulo mu 2001. M'galimoto muli kompyuta yaing'ono imene ilandira mauthenga kuchokera ku masensa a injini, ndipo ikaona chosalongosoka ichilemba m'chikumbumtima chake, niyatsa kanyali ka "check engine". Kanyali kameneka musakade kapena kukamata ndi tepi, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Sikana ndiyo iwerenga zolembedwazo. Ilipo ya galasi lakelake, ndipo ilipo yaing'ono ngati bokosi la machesi, monga ELM327, imene itumiza zonse ku foni pa Bluetooth. Dziwani kuti magalimoto ena akale ochokera ku Japan samvana ndi masikana otchipa, choncho yesani musanagule.

Kagwiritsidwe kake

Funani pobayira pa mabowo 16, pamene kawirikawiri pakhala kunsi kwa chiwongolero, pafupi ndi mawondo a dalaivala. Bayani sikana injini ili chizimire, tembenuzani kiyi kufikira nyali za padashibodi zitayaka, osaliza injini, ndipo lamulani kuti iwerenge. Nambala iliyonse imene yatuluka muilembe papepala musanafufute kanthu, chifukwa amene afufuta asanalembe wathamangitsa mboni mlandu usanazengedwe.

Zimene manambala anena

P0300 ndiko kuti injini ikuphonya moto m'masilinda osiyanasiyana; P0301 kufikira P0304 atchula silinda yeniyeniyo, yoyamba kufikira yachinayi. P0171 anena kuti mpweya wachuluka, mafuta achepa. P0172 anena kuti mafuta ndiwo achuluka. P0101 aloza sensa yoyeza mpweya wolowa, P0505 aloza dongosolo losunga injini ikulira galimoto itaima, ndipo P0335 aloza sensa ya crankshaft, imene ikafooka izimitsa injini itatentha, nilola kuti ilirenso itazizira.

Koma pano pali mawu amene tifuna muwasunge koposa onse: nambala ikusonyezani mudzi umene muli wodwala, koma kulowa m'nyumba ndi kumuyeza ndi ntchito yanu. Injini ya petulo ikhala ndi moyo pa zinthu zitatu, ndizo mpweya, mafuta ndi moto, ndipo ifuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera kwake. Chimodzi mwa zitatuzi chikapelewera, injini inthunthumira itaima m'malo mokhazikika pozungulira maulendo a pakati pa 600 ndi 900 pa mphindi, kapena itsamwa mukaponda mafuta. Chifukwa chake yendani nazo mwadongosolo, kuyambira chotchipa kunka ku chodula.

Mpweya. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya, muikweze padzuwa; ngati kuwala sikupyola, fumbi la m'chilimwe laitseka, isintheni. Kenaka, injini ikulira, tcherani khutu ngati pali mluzu wa mpweya woba, ndipo pindani ndi zala payipi yaikulu yakuda yochokera ku fyuluta, pakuti mng'alu ubisala m'makwinya ake, ndipo mpweya wolowa pamenepo, posawerengedwa ndi sensa, ndiwo ubala P0171 pa magalimoto ambiri amene eni ake anagula sensa yatsopano pachabe. Pakhosi pa injini, pamene amisiri ati throttle body, pakhala mwaye wakuda wofunika kutsuka. Sensa ya mpweya itsukidwa ndi mankhwala ake opopera okha. Kawaya kake musakakhudze ndi chala kapena nsanza.

Moto. Tiyerekeze kuti sikana yanena P0302. Musagule kanthu. Zimitsani injini, masulani koyilo ya silinda yachiwiri ndi ya yachitatu, muzisinthanitse malo, fufutani nambala, ndipo yendetsani galimoto pang'ono. Ikatuluka P0303, matenda asamuka pamodzi ndi koyilo, ndipo yolakwa mwaigwira. Ikabweranso P0302, koyilo ilibe mlandu, tulutsani pulagi muione kumaso. Pulagi yabwino ikhala yotuwa mofiirira. Yakuda ndi mwaye wouma inena za mafuta ochuluka. Yonyowa ndi oyilo inena kuti mkati mwa injini mwayamba kutha.

Mafuta. Pampu yofooka kapena fyuluta yotsekeka siilembedwa nthawi zonse, koma idziwika galimoto ikamatsamwa pa chitunda kapena popitirira inzake. Petulo wathu kuno ku Malawi asakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chigwa cha Shire, ndipo ethanol akoka madzi. Kotero petulo wokhalitsa m'zigubu, wogulidwa m'mbali mwa msewu pa nyengo ya kusowa kwa mafuta, akhoza kubwera ndi madzi ndi zitsotso. Vuto likayamba tsiku lomwe mwathira mafuta otere, yambirani pamenepo. Ndiponso musazolowere kuyenda thanki ili pafupi kuuma, pakuti pampu ili m'thankimo iziziritsidwa ndi petulo yemweyo.

Machenjezo

Kanyali ka "check engine" kakamathwanima m'malo mongoyaka, imani msanga, chifukwa petulo wosapsa akupita ku ekizozi, kumene akhoza kuwononga catalytic converter, chinthu cha mtengo wapatali. Musalize injini m'nyumba yotseka, pakuti utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosanunkha. Manja ndi malaya zikhale kutali ndi fani ndi malamba, ndipo ndudu isayandikire petulo.

Ngati mwayesa zonsezi injini nikhalabe yodwala, pitani kwa mmisiri wodziwa mutanyamula pepala lanu la manambala, ndi kumuuza ngati vutolo lidza injini itazizira kapena itatentha, poima kapena pokwera mtunda. Pakuti wofika ndi umboni wotere salipira zoyerekeza, ndipo mmisiri woona mtima adzakondwera naye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Galimoto imene isenza ana anu kunka kusukulu ndi odwala anu kunka kuchipatala iyenera kumvedwa bwino isanapatsidwe mankhwala.