Za Kukonza Toci ndi Wailesi Zodyedwa ndi Miyala

Abale a kwa Makhuwira, mwini munda wa kudimba adziwa nchito ya toci usiku pamene mvuu ziturukira ku cimanga. Ndipo amene anaona madzi a namondwe Freddy m'mwezi wa March 2023 adziwanso kuti wailesi icenjeza munthu mtsinje wa Livunzu usanasefukire. Koma ndapeza m'nyumba zambiri toci zotayidwa pakona, eni ace nati zafa. Pozitsegula ndiona kuti nthenda yace iri pa tizitsulo tokhudza miyala, ndiyo mabatire.

Mwala ukatha mphamvu nukhalabe m'katimo, ubooka nutulutsa madzi oipa, ndipo kutentha ndi cinyezi ca cigwa cathu cino zifulumiza bvutoli. Madziwo adya citsulo, moto sungathenso kupita.

Tsono mverani bwino, pakuti miyala iri ya mitundu iwiri, ndi mankhwala ace asiyana. Yochipa ya kumsika, imene tigula ambirife, itulutsa madzi owawasa amene abala dzimbiri. Amenewo agonja ndi soda wosungunula m'madzi pang'ono, kapena cidulo comwe cija amai aphikira therere. Koma miyala yolembedwa mau akuti Alkaline isiya ufa woyera woumirira, ndipo ufa umenewo ufuna madzi a mandimu kapena viniga. Mukasinthanitsa mankhwalawo mwabvutika cabe.

Poyamba bvalani jumbo kudzanja, cotsani miyala yonse. Kulungani kansanza ku kamtengo, kabviikeni, nimupukute tizitsuloto. Musathire madzi m'katimo ai. Madontho awiri atatu akwanira. Dzimbiri lotsalira mulipale ndi nsonga ya mpeni kufikira citsulo ciwale, makamaka kawaya kopotana ka kumatako kwa toci, kamene anthu akaiwala. Pukutaninso ndi nsanza youma, ndi kuyanika cotsegula pamthunzi tsiku lonse. Pamenepo pakani Vaseline pang'onong'ono. Ufawo ukalowa m'diso, sambani ndi madzi ambiri ndi kupita kucipatala.

Musaphatikize mwala watsopano ndi wakale, cifukwa wakalewo ndiwo uyamba kubooka. Wailesi ikati ikhale masabata osalira, tulutsani miyala yace. Yakuthayo musaiponye m'munda, pamoto kapena pafupi ndi citsime, ndipo ana asaiswe. Ndawaona akudetsa nayo bolodi la kusukulu, manja ali bii, napita kukadya nsima osasamba.