Mukalumikiza batire la galimoto mosemphanitsa

Kuno ku Vubwi batire la galimoto siligona m'galimoto masiku onse. Madzulo limalowa m'nyumba kukayatsa nyale ndi kutchajira mafoni, ndiye kusanache munthu akulibwezera mothamanga, tochi ali kukamwa. Mumdima wotero ndi momwe waya wa pulasi umakathera pa mayinasi. Ena zimawagwera pojampitsa galimoto ya mnzawo. Enanso ndi batire latsopano: mabatire a galimoto zochokera ku Japan amakhala ndi L kapena R kumapeto kwa nambala, monga 55B24L ndi 55B24R, ndipo mitu yake imakhala mosinthana. Mukagula losayenera n'kuliika monga munazolowera, mwasemphanitsa kale.

Moto ukathetheka kwambiri kapena mukamva fungo la pulasitiki wopsa, chotsani waya nthawi yomweyo. Musapotoze kiyi kuti muone ngati ilira. Yambani mwaliyang'ana batirelo. Ngati latupa, latentha kapena likudontha asidi, ntchito yake yatha, ndipo fodya ndi koloboyi zikhale kutali chifukwa mpweya wake umaphulika. Ngati lili bwino, lumikizani moyenera: mutu wonenepa wokhala ndi + ndiye pulasi, ndipo ndiwo muyambe nawo, mayinasi pambuyo.

Kawirikawiri mupeza galimoto ili zii, dashibodi osayaka, huta osalira. Mtima usagwe. Chimene chimafa choyamba ndi fyuzi yaikulu, ndipo imafa dala kuti zina zipulumuke. M'galimoto zambiri za Toyota ili m'kabokosi kakuda pafupi ndi batire, yolembedwa ALT, ya 80, 100 kapena 120A. Ili ndi kawindo pamwamba. Mukasuzumira muona kachitsulo kake kataduka. Anthu ambiri amathyola kabokosi poikoka ndi pulayazi, osadziwa kuti inamangidwa ndi timabawuti kunsi. Chotsani kaye mayinasi, tsegulani kabokosi pansi, masulani bwinobwino.

Apa ndi pomwe ndikupemphani kwambiri. Musalole aliyense kumanga waya wa kopa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu m'malo mwa fyuzi. Ndikudziwa kuti Chipata ndi kutali, makamaka nthawi ya mvula, ndipo soya kapena chimanga zikudikira kupita kumsika. Koma waya saduka msanga, ndiye vuto likabweranso chimapsa ndi mawaya onse, mwina galimoto yomwe. Tumani munthu ndi fyuzi yakufayo m'manja akagule ya nambala yomweyo. Onaninso tifyuzi ting'onoting'ono, makamaka ta EFI ndi ta wailesi: tofiira ndi 10A, tabuluu 15A, tachikasu 20A.

Injini ikalira musafulumire kusangalala. Yang'anani kanyale kofiira ka batire pa dashibodi. Kakapanda kuzima, mwina ma diode a mu alternator apsa. Bwerekani mita kwa amene amakonza za sola: injini itazima batire lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6V, ikamalira pakati pa 13.5 ndi 14.5V. Ikakhalabe pa 12V, alternator sikutchaja. Chizindikiro china ndi batire kutha lokha usiku. Amakaniko odziwa amasintha mbale ya ma diode yokha, osagula alternator yonse. Ndipo chizolowezi chija chozula waya wa batire injini ikulira kuti ayese alternator chikanizeni, chimatha kupha kompyuta ya galimoto.

Ngati mafyuzi onse ali bwino, sitata ikuzungulira koma injini osagwira, ndiponso kanyale ka injini sikayaka mukapotoza kiyi, mwina kompyuta yakhudzidwa. Imeneyo si ya pansi pa mtengo wa mango. Pitani kwa wamagetsi a galimoto ndipo mukamuuze zoona kuti batire linalumikizidwa mosemphanitsa. Mukabisa, mulipira masiku ofufuza pachabe. Kompyuta ina yogula ikhale ya nambala yofanana ndi yakale.

A Canter ya 24V samalani koposa, poti mabatire ndi awiri ndipo kawaya kafupi kamalumikiza pulasi ya lina ku mayinasi ya linzake. Musanamasule chilichonse jambulani ndi foni, ndipo pakani penti yofiira pa waya wa pulasi lero lomwe, kukuwala.